Dzina Lanu Landikanizitsa Mfuti

Mlonyeni, Mchinji
12 Januwale 2004

Okondedwa achimwene a Timoteyo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga amayi mwendo uja ukuwalola kufika kudimba masiku ano? Kuno tadzuka, mvula ikugwa bwino. Loveness ndiye anadwalako malungo sabata yatha koma wachira, wabwerera kusukulu. Moni wanga wathera pomwepa, chifukwa ndikulemba mtima ukuwawa kwambiri ndipo sindikufuna kunamizira kuti ndasangalala nanu.

Mukudziwa kuti chino ndi chaka chachitatu chisiyireni utenanti kuesiteti. Akwawo kwa mkazi wanga Stelia anandipatsa munda m'munsi mwa phiri, nthaka yakuda yabwino zedi. Vuto lake ndi nguluwe. Chaka chatha zinadya kuyambira kumtsinje mpaka pachulu, theka la munda wonse, ndipo pofika Novembala ana anga anali akudya gaga. Ndakumba maenje, ndamangirira zitini pachingwe, ndaweta agalu, koma zonsezo nguluwe za kuno zimangodutsa. Galu mmodzi zinamung'amba pamimba, tinamukwirira komweko.

Atsibweni ake a Stelia ali ndi mfuti yawo yakalekale, yachiphaso bwinobwino, koma maso awo achita ng'ala, saonanso patali. Anandiitana n'kundiuza kuti mfutiyo nditenge ine, malinga tichite mwalamulo. Mu Okutobala tinapita awiri kuboma, mfuti tinaisiya kuofesi kuti isungidwe mpaka chiphaso changa chituluke. Ndinalemba mafomu, ndinajambulitsa zithunzi, ndinapereka kalata ya amfumu ndi ina ya kutchalitchi. Kuchokera pamenepo ndapalasa njinga kasanu kukafunsa, mpaka tayala lakumbuyo latha.

Lolemba lapitali, pa 5, yankho linabwera. Ndinapita ndi atsibweni aja, nditavala jekete langa la Lamulungu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndibwerera mfuti ili paphewa. Bwana wa muofesimo anatsegula fayilo n'kutiwerengera kuti pempho lakanidwa. Chifukwa chake akuti atafunsa kwathu ku Dedza, anayankhidwa kuti Timoteyo Dzombe anamangidwa miyezi isanu ndi inayi mu 1996 chifukwa chotema munthu ndi chikwanje pamowa, ndipo munthu wotere sangapatsidwe mfuti. Atsibweni anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo osaona bwinowo.

Achimwene, 1996 imeneyo amayi anandilembera kuti mwapita ku Dwangwa kukadula nzimbe. Ine wopusane ndinayankha kuti pobwera mundisungireko shuga. Nditabwera kumaliro a agogo chaka chotsatira tinagona m'nyumba imodzi masiku anayi, tinaseka, munandiperekeza mpaka pamsewu, osanditsina khutu ngakhale pang'ono. Mudzi wonse unkadziwa, ine ndekha ayi. Kodi munkaganiza kuti nkhani ya kundende imathera pachipata cha ndende?

Ndikukumbutseni mmene zinayambira, popeza mwina inu munaiwala. Mu 1988 kunabwera lole kumudzi kudzatenga anthu opita kumaesiteti a fodya, ndipo kapitawo wake ankalemba okhawo amene anali ndi risiti ya msonkho. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinalibe. Inuyo munasolola yanu m'Baibulo n'kundiuza kuti akaitana Timoteyo ndiziyankha, palibe amene adzafunse. Tonse tinkayesa ndi za chaka chimodzi. Koma dzinalo linalowa m'buku la kuesiteti, linalowa pakhadi yovotera, linalowa m'kaundula wa ukwati ku Ludzi, mpaka pamakhadi a ubatizo a ana anga. Pofika polemba mafomu a mfuti dzanja langa linalemba lokha, sindinaganizeko n'komwe.

Cholakwa changa ndikuchivomera, sindikuthawa. Koma taonani mmene ine ndalisungira dzina lanu. Zaka khumi ndi zisanu sindinaledzere nalo, sindinabe nalo ngakhale tsamba limodzi la fodya, sindinakwezere nalo munthu dzanja. Kumphakati kwathu anandisankha kukhala wapampando kawiri. Kuno munthu akanena kuti a Timoteyo anena, anthu amakhulupirira. Inu eni ake munalitenga n'kupita nalo pamowa, kenako kundende, osaganiza kuti kwina kuli munthu amene akuyenda nalo pakati pa eni mudzi. Zimenezi zandipsetsa mtima kuposa kukanizidwa mfutiko.

Pofika madzulo a Lolemba lomwelo nkhani inali itafika nyumba iliyonse. Stelia akafika pamjigo amayi anzake amangoti zii. Apongozi anga, amene kale ankanditumizira nkhwani ndi ana, anatuma mwana wawo wamkulu, alamu a Eliza, kudzabwereka chikwanje changa, ndipo mpaka lero sichinabwerere. Inu mumakhala pamudzi pa amayi, simudziwa kukhala mkamwini. Munda si wanga, malo a nyumba si anga. Atsibweni ananena pamaso pa banja lonse kuti ngati zolembedwazo n'zoona sangasunge munthu wotema anzake pakati pa adzukulu awo, koma adikira kaye kuti aone mmene nkhaniyi ithere kuboma.

Lachitatu ndinabwereranso kuofesi kuja ndekha, n'kuulula zonse kuyambira pa lole. Bwana uja anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi n'kundifunsa kuti tsono alembe ziti, kuti ndine wotema anthu kapena kuti ndine wonama pafomu ya boma. Munthuyo amanena zoona. Anandifotokozera kuti ndili ndi masiku makumi atatu ochitira apilo kulikulu, ndipo kuti mawu anga okha sangathandize. Pafunika tonse awiri tikaonekere, atidinde zala, azifanizire ndi zimene anakudindani pokumangani. Za dzina labodzalo ndidzayankha padera ndi kukalumbira kukhoti. Ndavomera. Bola andilange chifukwa cha bodza langa kusiyana n'kuti ndisenze chikwanje chanu.

Ndinaganiza zoti buku la kuesiteti lingandiikire umboni kuti 1996 yonse ndinali m'chigafa kusankha fodya. Ndinapalasa mpaka kumeneko Lachinayi, ndinapeza esiteti inagulitsidwa, mwini wake ndi wina, ndipo mabuku akale akuti chiswe chinadya. Kapitawo amene ankandidziwa anamwalira. Ndiye mwatsala inu nokha.

Chovuta kwambiri chinali kumuuza Stelia. Zaka khumi ndi ziwiri tili m'banja sanadziwe kuti ndili ndi dzina lina, chifukwa ulendo umodzi umene anafika kwathu kuja aliyense ankangonditchula kuti bambo a Yamikani, ndipo inu ankakutchulani alamu basi. Nditamaliza kufotokoza anandifunsa kuti nanga paguwa paja iye analumbira ndi ndani. Anandiuzanso kuti sakudziwa choti akhulupirire, popeza munthu wobisa dzina zaka zonsezi angabisenso ndende. Chakudya akuphika, madzi osamba akuika, koma sakundiyang'ana kumaso. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, achimwene.

Kalata ya apilo anandithandiza kulemba aphunzitsi a pasukulu ya ana, ndipo ndinakapereka Lachisanu. Ndinalembamo zoona zokhazokha, dzina langa lenileni, lanu, mudzi wathu ndi chaka chimene ndinachoka. Anandiuza kuti tikaonekere tonse lisanadutse tsiku la 4 Febuluwale. Likadutsa, fayilo itsekedwa momwemo mmene ilili.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Mutenge pepala limene anakupatsani potuluka kundende, mutengenso khadi yanga ya ubatizo imene ili m'sutikesi ya amayi, pansi pa zitenje. Mukwere basi ya ku Lilongwe, kumeneko mukwere minibasi ya ku Mchinji, mutsike paboma, ine ndizikudikirani pamenepo Lolemba lililonse ndi Lachinayi lililonse mpaka mufike. Musanditumizire kalata yopepesa, zala sizibwera pa positi. Musanene za kupalira, chifukwa nanenso ndikupalira. Ndikudziwa kuti n'zamanyazi kuima pamaso pa anthu achilendo n'kunena kuti amene anatema munthu ndinu, koma inu manyaziwo mudzawamva tsiku limodzi n'kukwera basi kubwerera kwanu. Mukatero mudzayeneranso kufika kumudzi kuno kuti atsibweni, apongozi ndi Stelia akuoneni ndi maso awo tili awiri.

Kalatayi ndapatsira a Luwiza, oyandikana nafe, amene akupita kuchinkhoswe cha m'bale wawo cha kwathu komweko. Akupatsani m'manja, ndiye musadzanene kuti inatayika panjira. Chimanga chatsala pang'ono kumasula ngayaye, ndipo dzulo m'mawa ndinaona mapazi a nguluwe m'matope kumtsinje.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha za ku Dwangwa, koma muwauzenso kuti ndimawakonda ndipo ndikudziwa kuti ankabisa manyazi a mwana wawo. Moni kwa alamu, kwa achemwali a Rozi ndi amuna awo, kwa atsibweni athu ndi ana onse. Yamikani ndi Loveness akupereka moni kwa bambo awo aakulu, ngakhale sakumvetsa kuti zatheka bwanji kuti bambo awiri akhale ndi dzina limodzi.

Mukapanda kubwera, mfuti sindiipeza, munda andilanda, ndipo kuno ndidzakhala Timoteyo wotema anthu mpaka tsiku lomwalira. Pamtanda wanga adzalemba dzina lanu inu muli moyo, ndipo ana anga sadzadziwa pokalirira bambo awo enieni.

Ndine mng'ono wanu wobadwa naye bere limodzi,

Zakeyu Dzombe