Ndagula makobiri ndi ndalama za mpando wa mwana

Aphungu,

Pepani ngati kalatayi ikudumphadumpha, chimwemwe chandichulukira. Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndimamata matayala pagalaja ina kuno, koma ulendo uno ndikuona ngati ndalemera.

Mwamva kuti boma lasiya kupanga makobiri a senti imodzi aja? Mnzanga wa kuntchito, Lamont, anandionetsa pafoni mpukutu umodzi wa makobiri 50, wosatsegula, wa chaka chomalizachi, munthu akutsatsa madola 20. Chinthu cha theka la dola! Anati, "Aise, iwe uzingomata matayala mpaka imvi. Anzako akulemera ndi zinthu zomwe timaziponda pamsewu."

Tsiku limenelo nkhomaliro sindinadye. Ndinazungulira mabanki asanu, ena kundimana, mpaka ndinapeza mabokosi anayi, mipukutu 200. Mayi wina wa pabanki anandiyang'anira pamwamba pa magalasi nati, "Mwana wanga, ukufuna kumangira nyumba zimenezi?" Ndinangoseka. Ndawerengera katatu pakatoni: madola 4,000!

Koma pali pomwe pakundiluma. Madola 100 ogulirawo ndinatenga m'chitini cha mkazi wanga Shawna. Amasungira mpando watsopano wa m'galimoto wa mwana wathu Josie, chifukwa wakalewo wamuchepera, mutu watsala pang'ono kutulukira pamwamba. Pa chikondwerero cha Thanksgiving tili ndi ulendo wa maola anayi wopita kwa apongozi. Shawna sakudziwa kanthu. Mabokosi ali m'buti, ndafundika bulangete, ndipo dzulo anafunsa, "Iwe, n'chiyani chikugunda kumbuyoku tikaponda bampu?" Ndinati masipanala.

Chinanso, ndinatsegula mipukutu 30 kuti ndione mkati. Ambiri anali othimbirira, ndiye ndinawakwecha ndi tomato sosi ndi mswachi. Aphungu, akuwala ngati apangidwa lero! Amenewa ndiye akwera mtengo koposa, eti?

Ndiuzeni zenizeni. Ndikweche onse? Ndigulitse liti kuti mpando ugulidwe ulendo usanafike? Ndikufuna Shawna adzangoona mpando ndi firiji yatsopano zikulowa tsiku limodzi.

T. R., Zanesville

Bambo ake a Josie,

Ikani kaye mswachiwo pansi! Mwandiseketsa mpaka misozi, ndipo mtima wofunira banja zabwinowo ndaukonda. Koma firiji ija iiwaleni.

Makobiri amenewa anapangidwa mabiliyoni, ndipo aliyense amene ali ndi mnzake ngati Lamont wabisa bokosi lake. Chinthu chomwe chili m'nyumba iliyonse sichikwera msanga. Mtengo munaona pafoniwo ndi wotsatsa chabe. Aliyense angathe kulemba madola 20. Yang'anani pomwe pamaonetsa zomwe zagulidwadi.

Komanso mwadziyankha nokha osadziwa. Ngati mkati munali othimbirira, mipukutu imeneyo ndi yosakaniza, makobiri oyendayenda m'matumba mwa anthu amene angokulungidwanso. Okonda kusonkhanitsa ndalama zosowa amafuna mpukutu watsopano wa chaka chimodzi, wosatsegulidwa chichokereni kopangira ndalama. Ndipo palibe chomwe amadana nacho ngati kobiri lokwecha. Amalizindikira ali patali, mtengo wake n'kubwerera pa senti imodzi.

Tsopano sekani ndithu, chifukwa anthu ambiri ondilembera amakhala atataya ndalama, pomwe inu mwagula madola 100 ndi madola 100. Palibe chatayika, ndi msana wokha wavutika.

Chitani izi sabata ino. Yang'anani kumapeto kwa mpukutu uliwonse wosatsegula. Mukapeza owala mbali zonse ziwiri, pitani nawo kusitolo yogula ndalama zakale akakuuzeni mtengo, kufunsa n'kwaulere. Umodzi musungireni Josie, adzaonetse ana ake. Otsegula aja atsukeni sosiyo, muwaumitse, mupemphe timapepala tokulungira kubanki, makobiri 50 pampukutu. Imbani foni kaye kubanki yanu kuti muli m'njira ndi katundu wolemera. Mukachoka kumeneko, molunjika kukagula mpando.

Chenjerani pokulungapo: pasagwe kobiri ngakhale limodzi pomwe Josie amasewera, ana a msinkhu wakewo chilichonse n'cha m'kamwa, ndipo kobiri lomezedwa ndi nkhani ya kuchipatala.

Koma musanachite zonsezi, muitaneni Shawna lero, mutsegule buti ali pomwepo, mumuuze nokha. Akamva kwa inu adzakalipa, kenako adzakusekani zaka makumi awiri pamaso pa apongozi. Akadzapeza yekha chitini chopanda kanthu, sadzaseka ayi.

Phungu wanu