Kapepala ka Ahedi

Lolemba, 2 Juni
Andisankha! Ine, wa benchi yakumbuyo. Aphunzitsi a zisudzo anafunsa katatu amene angasewere mnyamata wokonda mnyamata mnzake. Onse maso pansi. Dzanja langa linangodzuka lokha. "Kodi iwe umayankhula?" anatero Chimtali, amene azisewera mnzangayo. Kunyumba sindinanene.

Lachinayi, 12 Juni
Ndaloweza mawu onse, ndi a Chimtali omwe. Pa buleki ndimakayeserera kuseri kwa labu, kuuza khoma. Aphunzitsi akuti ndisamameze mawu, wokhala kukhomo naye amve. Pali malo ogwirana manja, masekondi asanu. Chimtali amawerenga mokweza, onse kufa nazo. Dzanja lake lokhakhala, la mpira wa volebo.

Loweruka, 21 Juni
Tasewera! Holo yodzaza, ena pamawindo. Poyamba ankamvetsera bwinobwino. Titangogwirana manja, chiphokoso. "Mathanyula!" "Tsika apo iwe!" Botolo la pulasitiki linatera paphazi panga. Mayi wina kutsogolo: "Mwana wa ndani ameneyu?" Lamulo la Aphunzitsi ndi loti phokoso usalimbane nalo, ima, dikira. Ndinaima. Atatopa ndinamaliza mawu anga onse, holo ili zii. Ine ameneyo!

Lachiwiri, 24 Juni
Desiki yanga ailemba zotukwana ndi kampasi ya masamu. Kumpopi ana a fomu wani akundipatukira. Komabe sukulu yonse ikundidziwa tsopano. Amayi amva kumsika. "Mwanawe, panalibe mbali ya wapolisi?"
Ahedi akuti Loweruka tisewerenso pokhapokha ine ndi Chimtali titayamba taima kutsogolo kwa katani n'kuwerenga kapepala kawo: "Ili ndi sewero chabe. Ine sindili choncho, ndipo khalidweli ndimanyansidwa nalo." Ndikakana, mbali yanga apatsa wina. Wina ndani? Aiwononga. Chimtali akuti, "Aise, mizere iwiri basi, ukuvutikiranji?"

Lachinayi, 26 Juni
Kapepala kali m'buku la masamu. Sindinamve kanthu m'kalasi.

Loweruka, 28 Juni
Ndawerenga kapepala kaja. M'manja phwaphwapha, malikhweru. Sewero lonse popanda botolo, pogwirana manja anangoseka. Pomaliza ena mpaka kuimirira! Ahedi andigwira paphewa. Aphunzitsi akuti tipita kumpikisano wa masukulu, pabasi, ndipo kulikonse tiziyamba ndi kapepalako. Amayi anabwera, anakhala kumbuyo. Pobwerera anati, "Poyambirira paja unanena bwino, mtima wanga wakhala pansi."
Ndasangalala, zoona ndasangalala. Koma mawu a m'sewero sanandivutepo ngakhale tsiku limodzi. Mizere iwiriyo ndiyo ndachita kuyeserera pagalasi masiku anayi, kuti nkhope isandiulule. Chimtali yake anawerenga akumwetulira.