Katani Yachitsulo ya Pabalaza Pathu

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe n'kufunsa za moyo wanu. Nanga amayi aakulu akupezako bwanji, mwendo uja wasiya kutupa? Inunso muzipumako, mungadwale nokha podwazika wina. Kuno m'thupi tonse tili bwino, koma mtendere ndiye mulibe m'nyumba muno, ndipo wauthamangitsa ndine.

Mukudziwa kale kuti chichokereni achimwene kushopu ya ababa n'kukayamba zometa anthu, awiriwa sayankhulana. Chimene simukudziwa n'chakuti achimwene anamanga chingwe pabalaza n'kupachikapo katani yamaluwa ija kuti atchinge pamene amagona. Ababa akafuna kuti chitseko chitsekedwe, amatuma ine kuti ndikauze "wa kuseri kwa katani." Munthu ali pomwepo, mapazi akuchita kuonekera pansi!

Tsono kusukulu, pa phunziro la mbiri yakale, tafika pa za ku Ulaya nkhondo yachiwiri itatha. Aphunzitsi anafotokoza kuti mayiko anagawikana pawiri, osaomberana mfuti koma osamwerananso madzi, ndipo malire awo anthu ankawatcha katani yachitsulo. Ena m'kalasi anayamba kusinza. Aphunzitsi anafunsa ngati alipo amene wamva.

Amayi, si pachabe munanditcha Wailesi. Ndinaimirira n'kunena kuti ine ndamva bwinobwino chifukwa kataniyo ili kwathu, ndipo poti ababa ndi owotcherera zitsulo, yathuyo ndiye yachitsulo yeniyeni. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine kumva kukoma, n'kuyamba kuyerekeza mmene ababa amatsokomolera akafuna kuti achimwene azimitse nyale. Aphunzitsi anati chitsanzo chabwino, ine n'kukhala pansi ngati ndapambana mpikisano.

Ndinaiwala kuti kumbuyo kwanga kumakhala mwana wa a Magalasi, aja amawotcherera limodzi ndi ababa.

Lachisanu lake ababa anabwera nkhope ili ndwii. Anzawo kushopu akuti ankawafunsa kuti katani yachitsulo ija aipenta liti, ingachite dzimbiri. Ngakhale makasitomala ayamba kuwafunsa zomwezo. Ababa anati nkhani za m'nyumba sizifalira kwina koma kometera, kumene amuna amaswera miseche tsiku lonse. Kenako anacheukira kwa ine, n'kunena kuti ndikauze wa kuseri kuti mwezi uno ukatha apeze kwina kokhala.

Ndipo ndinapita kukanena, amayi. Ndi pakamwa pomwepa.

Achimwene anandiyang'ana. Kenako anandinong'oneza kuti akudziwa kuti ndine ndinaulutsa nkhaniyo. Akuti mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anakameta kwa iwo, n'kuifotokoza nkhani yonse akuseka, osadziwa kuti makina ali m'mutu mwakewo agwira ndi mwini katani. Achimwene anandiletsa kuulula kwa ababa. Anati mayeso ayandikira, ndipo nyumba ino ili kale ndi mwana mmodzi wosayankhulidwa, awiri achuluka. Bola akanandimenya khofi!

Mukudziwa kuti Lamulungu masana ababa amagwira buku langa n'kumandifunsa mafunso, chala chili pamzere, Chingerezi akuchita kuchikoka ngati waya. Amanyadira, amati mwana wawo adzadziwa za dziko lonse. Lamulungu lapitali tinafika pa khoma limene linagawa mzinda wa Berlin pakati. Anandifunsa kuti analigwetsa ndani. Ndinati anthu wamba, okhala pafupi nalo, ndi mahamala awo. Ababa anagwedeza mutu n'kunena kuti amenewo anali olimba mtima. Ine ndinanamizira kuti mutu ukundipweteka.

Dzulo pochokera kusukulu ndinapeza katani yatsitsidwa. M'buku mwathu muli chithunzi cha anthu akukumbatirana pamwamba pa khoma lija. Kwathu kunalibe zimenezo. Panali matiresi opindidwa, omangidwa ndi chingwe chomwe chija, chikwama cha achimwene chili pamwamba pake. Alibe kopita, amayi. Akuti azigona pa benchi ya kometera.

Ndikuchita manyazi mpaka chakudya chikundikanika. Lamulungu lino, ababa akatsegula buku, ndiwauza zonse. Ndikupempha chinthu chimodzi: muimbe foni masana amenewo, pakuti akamva mawu anu amakhala pansi. Musandiikire kumbuyo ayi. Mungowauza kuti mwana wawo wamwamuna sanatsegule pakamwa ngakhale pamene ankamuthamangitsa. Ngati katani iyenera kubwerera pachingwe, ibwerere, koma kuseri kwake kukhale ine.

Mundiperekere moni kwa amayi aakulu, muwauze kuti tikuwapempherera. Mulungu akusungeni mpaka mudzatipeze tonse atatu pakhomo pano.

Ndine mwana wanu,
Wailesi