Chiswe Uja Ndi Mwamuna Wanga

Aphungu,

Ndithandizeni, pakamwa pandipachika. Kwathu ndi kumpoto ku Dundee, koma ndinakwatiwa kuno ku Ludlow, kumene Chingelezi amachitchula mosiyana ndi kwathu. Mwezi uliwonse kanyuzi ka tchalitchi chathu kamatuluka ndi masewera odzaza mawu m'timabokosi, aja oti yankho lililonse amalibisa mu ndagi yokhotakhota. Monga mwa mwambo, wopeka ndagizo satchula dzina lake. Amangosaina kuti Chiswe.

Ine ndagizo ndimazikonda kuposa tiyi, koma Chisweyo ndakhala ndikumunena zaka ndi zaka. Pa kadzutsa ndimawerenga mokweza n'kumamulalatira, amuna anga a Clive akupaka jamu pa buledi.

Mwezi wathawu ndiye anawonjeza. Ndagi yake inati mawu achingelezi oti paw, phazi la galu, amamveka chimodzimodzi ndi pour, kuthira. Chimodzimodzi kwa ndani? Kwathu chilembo cha r chakumapetocho timachitchula mpaka lilime kunjenjemera! Ndinati, "Munthu ameneyu ndi wakuba. Akumeza zilembo ngati wapsa ndi mbatata m'kamwa. Za Chiswe ine basi, sindidzazigwiranso." A Clive anangoti, "Mwina anayesetsa, mayi." Ine ndinati, "Akayesetse kwawo!"

Lamulungu lapitali mkonzi wa kanyuziko, mayi Prudence, anandikokera pambali titaweruka. "Amuna anu atisiyiranji? Akuti za Chiswe zatha, sapekanso. Tawanyengererani, inu!" Aphungu, ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Bambowa ndimawakonda, ndipo zikundiwawa kuwaona madzulo atangokhala, pensulo ili pathebulo. Koma ndagi ija inali yokondera ndithu. Ndiname kuti inali yabwino?

M. R., Ludlow

Mayi M. R.,

Pa mlandu wa r mwawina. Ndagi yachilungamo imasocheretsa, inde, koma yankho likapezeka aliyense azidzimenya pachipumi, wa ku Dundee ndi wa ku Ludlow yemwe. Yodalira katchulidwe ka dera limodzi iyenera kuchenjeza kuti "ena amatero". Choncho bodza musaliyambe.

Koma pakamwa panu m'potentha, mayi. Munthu sanabe kanthu, wangotchula mawu monga anamuphunzitsira amake. Za wakubazo ndiye mupepese lero lomwe, ndipo muwauze poyera kuti mwadziwa. Kenako tengani kanyuzi kaja, mukhale pamaso pawo, mumalize timabokosi munasiya tija. Mukatero dziperekeni kuti ndagi zatsopano muziyamba mwaziyesa inuyo zisanapite kwa mayi Prudence. Mkangano uzithera kukhitchini.

Chenjezo langa ndi ili: musasanduke woyamikira chilichonse, adzakutulukirani msanga. Bambowa apirira kulalata kwanu zaka zonsezi, akudya buledi wawo mwamtendere, chifukwa wolalatayo anali akuwerenga. Chawagwetsa mphwayi si mawu oti wakuba ayi. Ndi aja oti simudzazigwiranso.

Aphungu