Gulugufe wa Fyness

Fourways, Joni

Kwa alamu anga, a Luke,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi akunyumba ndi ana. Ine kuno ndilipo, kupatula mawondo amene ayamba kundikana chipumireni pa ntchito ya kunazale ya mitengo.

Mwana wanu Davide wandipatsa uthenga woti mwezi wamawa mudzavundukula chiliza cha mlongo wanu, mkazi wanga Fyness. Tsikulo mwasankha nokha. Sindinadabwe. Pamene anamwalira kwanuko, ndinu nomwe munamuika m'manda ine ndili m'basi ku Tete, mukudziwa bwino lomwe kuti ndili m'njira. Munati anthu atopa. Ndinapeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota, ndipo mpaka lero palibe wakuchikazi amene anandipepesa.

Davide waululanso kuti kumudziko mukuti ndapenga, poti nkhalamba yonseyi ikuthamangitsa agulugufe ndi kamera. Ndikonze mawuwo. Gulugufe sathamangitsidwa. Umamudikira utagwada, chithunzithunzi chako chili kumbuyo, chifukwa chikangomugwera wapita.

Kuseri kwa mipanda ya mabwana kuno kunatsala kankhalango m'mbali mwa mtsinje. Fyness akapuma kwa madamu ake Lamulungu, tinkakhala kumeneko. Tsiku lina mitengo ikuphuka, anandikoka malaya kuti ndione kagulugufe kamapiko obiriwira ngati mtambo, kamphepete zakuda. Ndinachedwa kucheuka. Anandiseka chaka chonse kuti mwamuna wodziwa dzina la mtengo uliwonse analephera kuona kanthu komutera pafupi ndi bondo. Odziwa agulugufe amati n'kosowa, ndipo kamaoneka nyengo ino yokha, mvula yoyamba isanakhazikike.

Chimwalirireni iye, nyengo ino ikafika sindijomba kukankhalango kaja. Ndajambula oyera, achikasu, amawanga, koma iko ayi. Lachiwiri lapitali mphepo itadeka, kanatera pamatope kumwa madzi, n'kutambasula mapiko. Ndinakajambula, ndipo chithunzi chinatuluka bwino. Fyness sananame. Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo misozi imene inakana kutuluka pamanda paja inatulukira pamenepo.

Ndinalumbira kuti kwanuko sindidzapondako. Tsopano ndibwera, osati chifukwa ndaiwala, koma ndili ndi mawu okamuuza mkazi wanga.

Pempho langa ndi limodzi, alamu. Nsalu ya pachiliza isachotsedwe ine ndisanafike. Basi ikachedwa pachipata cha m'malire, abusa adikire, akwaya adikire, inunso mudikire. Ngati simungathe, ndiuzeni poyera kudzera mwa Davide. Ndidzabwera tsiku langalanga, ndipo pakhomo panu ndidzangodutsa.

Mundiperekere moni kwa a Rozina, amene okha anandiperekeza kumanda tsiku lija. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu,
Ambrose