Mapu Anga Ndi Olondola, Mzinda Ndiwo Wasokonekera

Aphungu,

Ndiyambe ndi kukonza bodza limene alamu anga akhala akufalitsa sabata yonse ino, loti Lachiwiri lapitali ndinataya apongozi anga mumzinda. Nkhalamba yonenepa, yovala jekete la mabatani agolide, siitayika ngati ambulera. Apongozi ndinali nawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, dzanja lawo lili paphewa panga powoloka msewu uliwonse. Chimene tinataya ndi bwalo la masewero. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, kungoti kusiyanitsa zinthu si mphatso imene alamu angawo anabadwa nayo.

Monga mukudziwa, mumzinda waukulu muli masewero a mayiko ambiri a masabata awiri. Mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 17, anasankhidwa kuthamanga mamita 400 m'gulu la achinyamata. Kunyumba timamutcha Kamphepo, dzina limene agogo ake anamupatsa chifukwa cha mmene ankathawira kusamba ali wamng'ono. Iye anatsogola ndi anzake, akugona kumsasa wa othamanga. Mayi ake ndi namwino, ndipo Lachiwiri anali pantchito. Choncho zinagwera ine kutenga apongozi, bambo a mkazi wanga, amene anagwira ntchito yapositi zaka 34, kuti tikaonerere mpikisano woyamba wa mwanayu 11 koloko m'mawa. Tinamuuza Kamphepo kuti tidzakhala mbali yomalizira, pamipando yam'mwamba.

Mzindawo ndimaudziwa. Ndinakhalamo zaka zitatu ndili payunivesite, ndikuphunzira kuyeza malo ndi kujambula mapu. Sindinamalize, pa zifukwa zimene si za m'nyuzipepala, ndipo papita zaka 22 ndisanapondenso pasukulupo. Lero ndili ndi kashopu kotayipa ndi kufotokopa, komwe ndimakonzera zolemba anthu amadigiri osatha kulemba kalata ya ndime ziwiri. Koma m'chaka chachiwiri ndinajambula pamanja mapu a chigawo chonse chakumpoto kwa mzindawo, ndi inki, nditayenda padzuwa miyezi itatu ndi tepi yoyezera. Ndinapeza malikisi 81, ndipo mphunzitsi anapachika mapuwo pakhoma teremu yonse. Ndimawasunga mumpope wapulasitiki wotseka kuwiri konse. Lachiwirilo ndinawanyamula.

Tinatsika kudepoti 8 koloko isanakwane. Mayi wina wa gulu lothandiza alendo, atavala chovala chachikasu, anatiyandikira. "Abambo, tsatirani mapazi obiriwira apentedwa pansiwa," anatero. "Akakufikitsani pachipata cha yunivesite, mphindi khumi wapansi. Mabasi aulere opita kubwalo akunyamukira mkatimo."

Ndinawathokoza mwaulemu. Kenako ndinauza apongozi kuti mabasi aulere ndi a anthu osadziwa mzinda, ndipo kuti pali njira yachidule yodutsa pamsika wa matabwa, n'kuwoloka kamlatho ka panjanji, n'kutulukira kuseri kwa bwalo. Pa mapu anga ndi makilomita atatu ndi theka. Tinali ndi maola atatu.

Aphungu, msika wa matabwa kulibe. Pamalopo amangapo chinyumba chosanja chagalasi chogulitsiramo mafoni, popanda kufunsa aliyense. Tinachizungulira. Kamlatho kaja nakonso anachotsa, ndipo pomwe panali njanji pali chimsewu cha mizere isanu ndi umodzi, chokhala ndi mpanda wa waya uku ndi uku. Tinautsata mpandawo kufunafuna powolokera, koma msewu wotsatira unali wotsekedwa chifukwa cha mpikisano wa njinga, ndipo wapolisi anatibweza ndi chala, pakamwa pali wenzulo.

Apongozi ndi munthu waulemu. Ola loyamba ankangonditsatira. Ola lachiwiri anaima, n'kupukuta thukuta, n'kunena kuti, "Bambo a Kamphepo, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma galu wagona pakhondeyu akufanana ndi uja tinamuona poyamba paja."

Ndinati, "Agalu amafanana, bambo."

Iwo anati, "Ndi khutu loduka lomwe?"

Patapita kanthawi anafunsa ngati sitingafunseko njira kwa mayi wogulitsa nthochi. Ndinawakumbutsa kuti amene wanyamula mapu ndi ine, osati mayi wa nthochiyo. Anati iwo pa zaka 34 zapositi sanabwererepo ndi kalata, chifukwa keyala ikawavuta ankafunsa ana osewera panjira. Ndinatambasulanso mapu anga.

Cholakwa chotsatira si changa, ndipo ndikufuna chilembedwe choncho. Panadutsa chigulu cha ochemerera a dziko lina, ndi ng'oma, malipenga ndi mbendera, nkhope atazipenta. Apongozi anati, "Awa akupita kumasewero, tiyeni tiwatsate." Ndinavomera kuti ndisaoneke wamakani. Tisanayende patali, apongozi anali atapatsidwa chipewa cha nyanga ziwiri, atapentedwa tsaya, akuvina pakati pa anthu amene sankamvana nawo ngakhale liwu limodzi. Tinayenda nawo mphindi makumi anayi. Titafika kumene ankapita, mlonda wapakhomo anayang'ana matikiti athu n'kunena kuti, "Awa ndi a bwalo lalikulu, madala. Kuno n'konyamula zitsulo."

Pamene 11 koloko inkakwana tinali m'kashopu kometera tsitsi, momwe munali kanema pakhoma. Miyendo ya apongozi inali itakana. Wometayo anati mpando ndi wa makasitomala okha, ndiye apongozi anavula chipewa cha nyanga chija n'kunena kuti awamete. Kamphepo tinamuonera mmenemo. Anamaliza wachiwiri, masekondi 56, ndipo walowa mumpikisano womaliza. Apongozi anadzuka pampando mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, akuuza aliyense kuti ndi mdzukulu wawo. Phokoso la m'bwalo tinkalimva pawindo kanemayo asanalitulutse, kusonyeza kuti tinali pafupi kwambiri, monga momwe mapu anga ankanenera. Panali khoma chabe.

Kamphepo atamaliza kuthamanga, kanema anamuonetsa atagwira m'chiuno, akupuma, maso ali pamipando yam'mwamba. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

Madzulo anandiimbira foni. Sanakalipe. Anati, "Adadi, musadandaule. Loweruka mudzangoonera pakanema kunyumba, n'kosavuta. Agogo adzabwere ndi amalume." Amalume akewo ndi alamu anga omwe aja, ogulitsa matayala akale, munthu amene amawerenga chikwangwani milomo ikugwedera. Mayi a Kamphepo anangoti, "Inu, mapu anu aja n'ngabwino kuyala pashelefu ya mbale." Apongozi akuuza aliyense kuti linali tsiku lokoma kuposa onse chipumireni pantchito, ndipo kuti mkamwini wawo anawaonetsa mzinda wonse kupatula bwalo lokha.

Mpikisano womaliza uli Loweruka, 10 koloko m'mawa, ndipo ine ndikufuna kudzakhalapo. Tandiuzani mmene munthu wophunzira angayendere mumzinda umenewu popanda kutsatira mapazi opentedwa pansi ngati mbuzi yopita kudibi. Tandiuzaninso ngati kuli koyenera kulembera akuluakulu a mzinda za kamlatho kaja, komanso chimene ndingachite kuti alamu anga atseke pakamwa. Za mapu a m'foni musandiuze. Ndinawaona, ali ndi zolakwika.

L. D. K.,
wa m'tauni ya maola awiri kuchokera kumzinda


A L. D. K.,

Ndavomera, apongozi simunawataye, ndipo alamu anu akawerenga tsamba lino, milomo ikugwedera kapena ayi, adziwe kuti nkhani imeneyo yatha. Ndikuthokozeninso chifukwa cha kalata yokonzeka bwino. Pa makalata onse amene ndalandira mwezi uno, ndi yokhayi imene sindinasinthemo ngakhale chilembo.

Tsono tiyeni tikambe zoona. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndimawerengera mtunda. Munthu amene anapeza 81 pa kuyeza malo amadziwa bwino kuti mphindi khumi wapansi ndi basi yaulere n'zachidule kuposa makilomita atatu ndi theka ndi nkhalamba yovala jekete. Munadziwa zimenezo mutaima padepoti. Mapazi obiriwira aja akanakhala opita kumsika kapena kuchipatala, mukanawatsata mukuimba mluzu. Vuto lake ankapita pachipata cha yunivesite. Inu simunasochere, bambo. Munkazemba chipata, ndipo munachizemba mwaluso kwa maola atatu, mpaka mwana wanu anathamanga pamaso pa mipando iwiri yopanda anthu.

Sindikufunsani chimene chinachitika zaka 22 zapitazo. Mwati si cha m'nyuzipepala, ndipo ndalemekeza. Koma ndikuuzeni chimene mukachipeze pachipatapo, chifukwa ndadutsapo sabata ino. Alonda ndi ena. Aphunzitsi anu anapuma kapena anagona. Mkatimo muli mizere ya mabasi, anthu onyamula mbendera, ndi makolo akuthamangitsa ana. Palibe amene adzakuyang'aneni kawiri. Ndikudziwa kuti kwa munthu wonyada ngati inu mawu amenewa akhoza kuwawa kuposa kusekedwa, koma ndi mankhwala.

Chitani izi. Lero lomwe muimbireni Kamphepo. Musamufotokozere za kamlatho, za msika wa matabwa kapena za wapolisi wa wenzulo. Mungoti, "Mwanawe, ndinalakwa, Loweruka ndibwera." Mawuwa ndi ochepa kuposa ndime imodzi, ndipo inu ndime mumazitha.

Ngati mungathe kutseka shopu Lachisanu masana, pitani kumzinda nokha, popanda apongozi, popanda alamu. Tsatirani mapazi obiriwira mpaka pachipata, lowani, kwerani basi, kafikeni kubwalo, onani khomo lolembedwa patikiti yanu, n'kubwerera. Ngati muti muchite mantha pachipata paja, muchite Lachisanu pamene palibe amene akukudikirani. Mukafuna, muzitchule kuti kuyendera malo musanayeze, monga munkachitira kusukulu.

Loweruka nyamukani ndi basi yoyamba ya m'tauni mwanu, chifukwa kugona pakati n'kuyambirira. Pa masiku ngati amenewa misewu imatsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi masewero a tsikulo, choncho chimene chinali choona dzulo chikhoza kukhala bodza lero, kaya ndi pa mapu anu kaya ndi a m'foni. Odziwa za lero ndi anthu ovala zachikasu aja. Afunseni, ndipo funsani kawiri. Paja safunsa anadya phula, pamene apongozi anu pa zaka 34 sanabwererepo ndi kalata. Musatsate ng'oma. Tsatani zikwangwani ndi dzina la bwalo lolembedwa patikiti.

Nyamulani zochepa, chifukwa pakhomo amasecha aliyense ndipo mzere umatalika. Madzi akumwa, chipewa chopanda nyanga, ndi nsapato zofewa za apongozi, jekete lija litsale. Lembani nambala ya foni yanu pakapepala muike m'thumba mwawo, ndipo mugwirizane pokumanirana ngati chigulu chitakulekanitsani. Mpope wa mapu uja musalowe nawo m'bwalo. Alonda akauona ngati chibonga, akulandani, ndipo simudzaupezanso.

Alamu anu atengeni. Musalimbane nawo, muwapatse chikwama cha madzi anyamule. Munthu amaseka nkhani mpaka itabwera ina yoposa, ndipo mdzukulu wa m'banjamo akathamanga mpikisano womaliza inu muli pampando, ya Lachiwiri idzazizira yokha. Kalata ya kwa akuluakulu a mzinda isiyeni. Kamlathoko sikabwerera, ndipo kalata yanu idzangothera kwa kalaliki wadigiri amene adzaisunge kuti azikoperamo kalembedwe.

Mapu anu sindikuti muyale pashelefu, pamenepo mayi a Kamphepo anaonjeza. Masewero akatha, misewu itatsegulidwa, mudzamutenge mwanayo tsiku lina mudzayende naye ndi mapuwo m'manja. Mudzamuonetse pamene panali msika wa matabwa, pamene munkaima ndi tepi padzuwa, ndi khoma limene anawapachikapo. Mapu a zaka zoposa 22 satha kukufikitsani kubwalo, koma angathe kumuonetsa mwana kuti bambo ake anali ndani asanakhale bambo ake. Ndikukayika ngati munamuuzapo. Ndipo phunzirani kwa apongozi anu, amene pa tsiku lomwelo, m'misewu yomweyo, anavina, anapentedwa tsaya, anametedwa, n'kubwera kunyumba ndi chipewa chatsopano.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana wanu sanakalipe, ndipo zimenezo zikuopseni. Mwana wokalipa amakhala akuyembekezerabe. Uyu wayamba kale kukukonzerani mpando wakunyumba kuti asadzakhumudwenso. Mukaphonyanso Loweruka sadzakunenani, adzangoleka kuyang'ana pamipando yam'mwamba, ndipo mapu obwezera zimenezo kulibe amene anajambula.

Basi yaulere yoyamba ikunyamuka mkati mwa yunivesite 7 koloko m'mawa. Mpikisano wa Kamphepo umatha miniti isanakwane.

Aphungu