Chithunzi cha mpango chija

Okondedwa amayi,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kuyenda? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi ndithu.

Amayi, ababa sakuyankha foni yanga. Sabata yachitatu ino! Achimwene andiuza kuti ababa anaona chithunzi changa nditafunda mpango mumzikiti, ndiye akuti ndasiya mpingo, ndisaponde ku ukwati wa achemwali mwezi wamawa. Ine, mng'ono wake wa mkwatibwi? Ndalira mpaka maso kutupa.

Ndikudziwa chifukwa chake akhulupirira msanga. Paja amati ndimasintha ntchito ngati malaya. Zoona, ndinaluka tsitsi ku saluni, ndinagulitsa mafoni, ndinaphunzitsa ku nazale, ndinalembapo mayina a odwala pa kachipatala kaja. Ndiye akuganiza kuti Mulungunso ndamusintha chimodzimodzi. Koma ku bungwe kuno ndatha chaka, amayi, chaka chathunthu, ine!

Ntchito yathu ndi kukhazika pansi anthu a zipembedzo zosiyana. Kuno kuli tchalitchi ndi mzikiti zoyang'anana pa msewu umodzi, ndipo amalimbana za zimkuzamawu. Uku akakweza, ukonso akweza, mpaka anyamata anayamba kugendana. Abwana ananditumiza kuti ndikamve azimayi a kumzikiti. Pakhomo ndinavula nsapato, mayi wina n'kundibwereka mpango wake, akuseka kuti ndamanga ngati ndikudwala dzino. Si inu munandiphunzitsa kuti kwa eni umayenda monga eni ayendera? Mnzanga wa kuofesi anajambula n'kuika pa intaneti osandifunsa. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Ndiye chonde, ndagwira mwendo wanu. Muwawerengere ababa kalatayi akakhala okha, osati azakhali ali pompo, mukuwadziwa pakamwa pawo. Mu envelopu ndaikamo chithunzi chachiwiri cha tsiku lomwelo. Amene akhala pambali pa abusa pa benchi ya m'tchalitchi, amenewo ndi ashehe. Muwafunse ababa ngati nawonso ashehewo alowa Chikhristu.

Akakanabe, sindikudziwa kuti nditani. Ntchito sindisiya, miyala yasiya kuuluka pa msewu uja ndipo dzanja langa lilipo. Koma diresi ya ukwati ndasoketsa kale, ili pa msomali kuseri kwa chitseko, ndimangoiyang'ana.

Moni kwa achemwali ndi alamu athu atsopanowo, achimwene, ngakhalenso azakhali. Kwa ababa moni wapadera. Muwauze kuti angoimba, ngakhale kondikalipira. Ndiyankha isanalire kawiri.

Ndine mwana wanu chitsirizira,
Kayendayenda wa ababa